Dyera la chuma m'Chingerezi ndi m'Chiurdu

Achimwene, mwafunsa kuti dyera la chuma amalitcha chiyani m'Chingerezi ndi m'Chiurdu. M'Chingerezi liwu lofala ndi greed, koma limakhudzanso munthu wosusuka pa chakudya. Lolunjika pa ndalama ndi avarice, lochokera ku Chilatini, ngakhale limapezeka kwambiri m'mabuku, osati pocheza.

Ku Pakistan, kumene amalankhula Chiurdu, mudzamva liwu loti lalach tsiku lililonse. Mwana akadzaza maswiti m'manja onse awiri n'kumafunabe a mnzake, amamudzudzula kuti "lalach buri bala hai", kutanthauza kuti dyera ndi tsoka loipa. Palinso hirs, lochokera ku Chiarabu, lolemerako ndithu, lomveka m'maulaliki ndi m'ndakatulo. Koma musasokoneze ndi kanjoos. Ameneyo ndi woumira, wongokakamira zomwe ali nazo kale.