Namwino akamakana kupereka ziwalo zake, ife tikhulupirire ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amuna awo impso zonse ziwiri zinasiya kugwira ntchito, moti amapita kukasefetsa magazi pa makina katatu pa sabata. Mayiwa anamva namwino akuuza mnzake kuti iye sangalole kuchotsedwa chiwalo chilichonse akadzamwalira. Ndiye akufunsa kuti: "Ngati eni ntchito akukana, kodi pali chimene akutibisira?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Palibe chinsinsi chimene akukubisirani. Chomwe munamvacho ndi mantha, ndipo inenso ndinali nawo pa zaka zimene ndinkagwira ntchito m'chipinda cha odwala mwakayakaya.

Ziwalo zambiri za omwalira zimachokera kwa munthu amene ubongo wake wafa koma makina akumupumirabe. Ndimakumbukira mnyamata wina wa ngozi ya pamsewu. Dokotala anamuunika m'maso ndi katochi, mwana wa diso osasuntha. Anachotsa makina kwa mphindi zingapo kuti aone ngati angapume yekha, chifuwa chili zii. Dokotala wachiwiri anabwereza zonsezo. Mnyamatayo anali atatisiya. Komatu mtima unkagundabe, dzanja lili lofunda, mayi ake akulisisita. Ndinkadziwa kuti wamwalira, koma pomupukuta kumaso ndinkamulankhula ngati wodwala wanga. Ndikanayamba bwanji kuwauza mayi aja za impso? Sindinayambe, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Chete ameneyu ndiye amatayitsa ziwalo zambiri. Namwino ndi dokotala ndi amene amayamba kuzindikira kuti pano pali munthu amene angapulumutse ena, ndipo ndi iwo ayenera kudziwitsa oyang'anira ntchitoyi nthawi isanathe. Akazengereza, mtima wa womwalirayo umadzaima, ziwalo n'kuwonongeka. Achibalenso amaona msanga ngati wowafunsayo sakukhulupirira zimene akunena.

Madokotala nawonso nkhaniyi anayamba kulimbana nayo posachedwa. Dokotala Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu mwa mnzake koyamba mu 1967 ku chipatala cha Groote Schuur, ku Cape Town, ndipo ndi chaka chotsatira, mu 1968, pamene komiti ya ku yunivesite ya Harvard ku America inalemba zizindikiro zodziwira kuti ubongo wafa. Ife kusukulu nkhaniyi tinangoidutsa pamwamba, ndipo kulankhula ndi anamfedwa palibe anatiphunzitsa.

Zimene zinachitika ku Spain ndi zomwe zinanditsegula maso. Lamulo lakuti aliyense amatengedwa ngati wavomera kupereka ziwalo pokhapokha atakana linakhazikitsidwa mu 1979, koma zinthu sizinasinthe kwenikweni. Mu 1989 anakhazikitsa bungwe la ONT, loyang'anira ntchito yopereka ndi kuika ziwalo, motsogozedwa ndi dokotala wa impso Rafael Matesanz. Iwo anaika m'zipatala anthu apadera, ambiri a iwo madokotala ndi anamwino a odwala mwakayakaya omwe, n'kuwaphunzitsa kukhala pansi ndi banja lofedwa, kufotokoza imfa ya ubongo modekha, kenako kufunsa. Opereka ziwalo anachoka pa 14 mwa anthu miliyoni imodzi kufika kupitirira 45 pa chaka, ndipo dzikolo lakhala patsogolo pa dziko lonse kwa zaka zoposa 30.

Ena amaopa malonda a ziwalo, ndipo manthawa ali ndi maziko: n'chifukwa chake mu 2008 akatswiri anagwirizana pa chikalata chotchedwa Declaration of Istanbul chotsutsa malondawo. Amene amaopa kuti dokotala angamusiye afe adziwenso kuti otsimikiza imfa saloledwa kukhala m'gulu loika ziwalo.

Za bambowo, mayi, musadikire maganizo a namwino mmodzi. Impso itha kuchokera kwa munthu wamoyo, chifukwa munthu wathanzi amakhala bwinobwino ndi imodzi, ndipo yotereyi kawirikawiri imagwira ntchito nthawi yaitali kuposa ya womwalira. Tsiku lotsatira lokasefetsa magazi, pemphani kuonana ndi dokotala wa impso, mumufunse ngati bambowo angayenere opaleshoniyi komanso kumene achibale ofuna kuwapatsa impso angakayezetse magazi.