Kodi Pali Lamulo Limodzi la Kagubidwe ka Asilikali pa Mwambo Wokweza Mbendera?

Bambo, mwafunsa ngati pali lamulo limodzi la dziko lonse lapansi lonena za mmene asilikali ayenera kugubira pa mwambo wokweza mbendera, popeza m'makanema amene mwaonera ena akuponya mwendo kutsogolo uli chiwongokere, ena akupinda bondo n'kumenya jombo pansi, pamene ena akungoyenda mofatsa popanda phokoso. Mwafunsanso kuti pa magulu amenewa olakwitsa ndi ati. Lamulo lotero kulibe, choncho palibe amene akulakwitsa. Gulu lililonse la nkhondo lili ndi buku lake la perete, ndipo msilikali amaweruzidwa potengera buku la kwawo basi. Chimene mabuku onsewa amafananapo ndi kukhwimitsa nkhani ya nthawi ndi muyezo, ndipo m'kuona kwanga apa ndi pamene munthu wofuna kudziwa ngati perete wayenda bwino ayenera kuikapo maso, osati pa kukwera kwa mwendo.

Kuguba kulikonse kuli ndi manambala awiri, kutalika kwa sitepe ndi kuchuluka kwa masitepe pa mphindi imodzi. Asilikali a ku Britain, pamodzi ndi a m'mayiko ambiri amene anatengera perete wawo kumeneko, amaponda sitepe ya mainchesi 30, omwe ndi masentimita pafupifupi 76, ndipo pa kuguba kofulumira amaponda masitepe apakati pa 116 ndi 120 pa mphindi. Pa kuguba kwa pang'onopang'ono, kumene kumaoneka pa maliro ndi pa miyambo ina yolemekeza mbendera, masitepe amatsika kufika pa 60 kapena 65. A ku America nawonso amaponda mainchesi 30 ndi masitepe 120. Ngakhale m'dziko limodzi manambalawa amasiyana. Gulu la The Rifles la ku Britain limaguba masitepe 140 pa mphindi, pamene gulu la asilikali ochokera m'mayiko ena la ku France limaguba masitepe 88 okha, ndipo n'chifukwa chake pa perete wa pa 14 July mu msewu wa Champs-Élysées ku Paris iwowa amaikidwa kumapeto kwa magulu oyenda pansi, kuopa kuti angachedwetse anzawo amene akuponda 120.

Kuponya mwendo wowongoka kumene kwakudabwitsani kunayambira ku Prussia, ndipo kunafalikira ku Russia, ku China, ku Chile ndi kwina. Malamulo a perete a ku China amanena kuti pa kagubidwe kameneka sitepe ikhale masentimita pafupifupi 75, phazi likwere masentimita pafupifupi 25 kuchokera pansi, ndipo masitepe akhale apakati pa 110 ndi 116 pa mphindi. Msilikali amene wakweza phazi kuposa anzake, ngakhale aoneke wamphamvu kwa oonerera, kwa mphunzitsi wake walakwitsa chimodzimodzi ndi amene walikweza mopelewera. Kagubidwe ka chingelezi kali ndi chizindikiro china. Poima kapena potembenuka, msilikali amapinda bondo mpaka ntchafu itagona molingana ndi nthaka, kenako n'kumenya phazi pansi mwamphamvu. A ku America sachita zimenezi, ndipo amatembenuka pa chidendene mwakachetechete. Boma likhoza ngakhale kusintha buku lonse, monga zinachitikira ku Hong Kong, kumene apolisi anasiya kagubidwe ka chingelezi n'kuyamba kotheratu ka ku China kuyambira pa 1 July 2022, kotero kuti mwambo wokweza mbendera pa bwalo la Golden Bauhinia Square mumzindawo lero ukuoneka mosiyana ndi mmene unkaonekera kale.

Muyezo umenewu sauphunzitsa ndi pakamwa pokha. M'magulu otsatira perete wa chingelezi, sajeni meja, amene ndi msilikali woyang'anira kaphunzitsidwe ka perete, amanyamula ndodo yokhala ndi miyendo iwiri yolumikizana kumutu, imene akaitambasula nsonga zake zimatalikirana mainchesi 30 enieni. Poyesa gulu, amayenda pambali pa mzere akuzunguza ndodoyo ndi zala, nsonga imodzi ikagunda pansi inzake n'kupita kutsogolo, ndipo msilikali amene chidendene chake sichikugwera pamodzi ndi nsongayo amadziwika nthawi yomweyo. Ndi ndodo yomweyi amayezera mipata ya pakati pa mizere ndiponso malo amene oima m'makona a bwalo adzaime. Izi zimachitika masiku angapo mwambo usanafike, moti pa tsikulo gulu limakhala likudziwa kuti kuchoka pamene layambira kukafika patsinde pa mlongoti pali masitepe angati, ndipo siliyenera kufupikitsa kapena kutalikitsa omaliza kuti lifike pamalo.

Mawu a lamulo nawonso ali ndi kapangidwe kake. Pafupifupi lamulo lililonse lili ndi zigawo ziwiri. Choyamba mkulu wa perete amachitchula mokoka kuti asilikali adziwe chimene chikubwera, ndipo chachiwiri amachitchula mwachidule ndi mokweza kuti onse achite nthawi imodzi. Gulu likakhala kuti likuyenda, chigawo chachiwiricho chiyenera kugwera pa phazi limene bukulo linanena, ndipo mkulu akachitchula pa phazi lolakwika, asilikali ophunzitsidwa bwino omwe amasokonezeka, theka n'kuima pamene theka lina likupondanso sitepe imodzi. Anthu akaona zimenezi amafulumira kunyoza asilikali, chikhalirecho wolakwa ndi wolamula. Pakati pa kachitidwe kamodzi ndi kotsatira, mwachitsanzo pochotsa mfuti paphewa kuti aigwire kutsogolo popereka ulemu, a perete wa chingelezi amasiya kampata kowerengeka. Akamaphunzira amawerenga mokweza mawu onse pamodzi, koma pa mwambo weniweni aliyense amawerengera mumtima, ndipo n'chifukwa chake manja ambirimbiri amamveka kugunda mfuti kamodzi.

Pali vuto lina limene oonera pa kanema saliganizira, ndilo liwiro la phokoso. Mwambo ndi wakuti gulu limayamba ndi phazi lamanzere, ndipo phazi limeneli limagwera pa kugunda kwamphamvu kwa ng'oma yaikulu. Koma phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pamene pa masitepe 120 pa mphindi sitepe imodzi imatenga theka la sekondi. Zimenezi zikutanthauza kuti msilikali amene ali mamita 170 kuchokera pa bandi amamva ng'oma itachedwa ndi sitepe yathunthu, ndipo akaitsatira ndi khutu lokha amaponda lamanzere pamene anzake oyandikira bandi akuponda lamanja. Pa bwalo lalikulu lozunguliridwa ndi nyumba zitalizitali, phokoso lobwerera kuchokera m'makoma limawonjezera chisokonezo. Motero asilikali amaphunzitsidwa kutengera sitepe kwa amene ali kumapeto kwa mzere wawo ndiponso kwa amene ali kutsogolo, ndipo mtsogoleri wa bandi amapereka zizindikiro ndi ndodo yake yaitali kuti oimba aone m'malo modalira kumva. Mukadzaona kanema amene mapazi akuoneka kuti sakugwirizana ndi ng'oma, yambani mwafunsa kuti wojambulayo anaima patali bwanji.

Tsopano za mbendera yeniyeniyo, imene ndiyo mwini mwambo. Kuguba konse kumakonzedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pa nthawi imodzi, imene mbendera iyenera kufika pansonga ya mlongoti. M'mayiko ambiri amafuna kuti ifike pamwamba pamene nyimbo ya fuko ikutha. Wokoka chingwe ndiye amakhala ndi ntchito yovuta kuposa onse, ngakhale kuti ndi ochepa amene amamuyang'ana. Iye amadziwa kutalika kwa mlongoti, amadziwa kutalika kwa chingwe chimene dzanja lake limakoka ulendo umodzi, ndipo amagawa kakokedwe kake molingana ndi mizere ya nyimbo kuti mbendera ikwere mosadukiza. Akafulumira, mbendera imakafika pamwamba nyimbo ili pakati ndipo iye amangoima manja ali pachingwe. Akachedwa, amakakamizika kukoka mothamanga kumapeto, zimene aliyense amaziona. Mphepo ikakhala yamphamvu mbendera imalemera ndipo chingwe chimalimba, kotero kuti mnzake wogwira mbali ina ya chingwe ayenera kuchisunga chokungika kuti chisakulungike pa mlongoti.

Chitsanzo chodziwika kwambiri pa nkhani ya nthawi ndi cha pa bwalo la Tiananmen ku Beijing, kumene mbendera imakwezedwa tsiku lililonse pa nthawi yeniyeni yotuluka dzuwa, moti ola la mwambo limasintha chaka chonse. Mlongoti wake ndi wa mamita pafupifupi 30, ndipo kwa zaka zambiri mbendera inkatenga mphindi 2 ndi masekondi 7 kuti ifike pamwamba, nyimbo ya fuko ikuimbidwa katatu. Kuyambira pa 1 January 2018 ntchitoyi inachoka m'manja mwa apolisi onyamula zida n'kupita kwa gulu la ulemu la asilikali a dzikolo, amene amakhala 96 pa tsiku loyamba la mwezi, pamene pamakhalanso bandi, ndi 66 masiku ena onse. Ku America ndondomeko ndi ina. Malamulo a mbendera amene nyumba ya malamulo ya dzikolo inavomereza mu 1942 amanena kuti mbendera ikwezedwe mwachangu koma itsitsidwe mwaulemu ndi modekha, choncho kumeneko mbendera yofika pamwamba nyimbo isanathe si cholakwa ayi. M'mayiko ena otsatira mwambo wa chingelezi mbendera imakwezedwa ili chikulungire, itamangidwa ndi mfundo yosavuta kumasuka, ndipo nthawi ikakwana wokoka amangogwedeza chingwe kamodzi kuti itambasuke ili kale pamwamba. Pa njira imeneyi luso lonse lagona pa mfundoyo, chifukwa ikalimba kwambiri mbendera imakana kutambasuka khamu lonse likuyang'ana.

Zilipo mfundo zochepa zimene pafupifupi mayiko onse amagwirizana. Mbendera siyenera kukhudza pansi, n'chifukwa chake pamakhala wina woigwira kumapeto mpaka itanyamuka. Ikamaikidwa pakati pa mlongoti posonyeza chisoni, imayamba yafika pansonga kenako n'kutsitsidwa, ndipo madzulo imakwezedwanso pansonga isanatsitsidwe. Pa nthawi imene ikukwera, onyamula mfuti amapereka ulemu ndi mfuti zawo, akuluakulu amachita sawatcha, ndipo wina aliyense amaima chilili. Koma kachitidwe ka sawatcha ndi kosiyana: asilikali a pamtunda a ku Britain amaonetsa chikhatho kutsogolo, a pamadzi a dziko lomwelo ndi a ku America amachiyang'anitsa pansi, pamene a ku Poland amachita ndi zala ziwiri. Poima tcheru, a chingelezi amatambasula mapazi madigiri 30 zidendene zili pamodzi, pamene a ku America amatambasula 45.

Ndiyikirepo kumbuyo pang'ono asilikali amene amakomoka pa perete, popeza makanema awo ndi amene anthu amakonda kuseka. Munthu akaima nthawi yaitali osasuntha, makamaka kukatentha, magazi amadzadzana m'miyendo ndipo opita ku ubongo amachepa. Si ulesi kapena kupelewera maphunziro. N'chifukwa chake aphunzitsi amalangiza kuti mawondo asawumitsidwe, kuti zala za kuphazi zizigwedezedwa m'kati mwa jombo, ndiponso kuti munthu adye ndi kumwa madzi asanapite pabwalo.

Ngati kanema wina amene munaona ndi wa pamalire a India ndi Pakistan, pa Attari ndi Wagah, kumene asilikali amaponya mwendo mpaka kufika kumutu, dziwani kuti umenewo ndi mwambo wotsitsa mbendera madzulo, umene wakhala ukuchitika kuyambira mu 1959. Kuponya mwendo kotero ndi chionetsero cha pamalo amenewo ndipo sikuyenera kutengedwa ngati muyezo wa perete wamba wa mayiko awiriwo. Komabe ngakhale pamenepo, pamene mbali ziwirizo zimaonetsana ukali, mbendera ziwirizo zimatsitsidwa nthawi imodzi, ndipo okoka zingwe amasamala kuti ina isatsike kuposa inzake.

Pofuna kuweruza kanema aliyense mwa amene muli nawowo, ndingakulangizeni kuti muzimitse kaye mawu, chifukwa nyimbo imabisa zambiri. Muyang'ane mzere kuchokera m'mbali kuti muone ngati zifuwa zili pa mulingo umodzi, ndiponso ngati manja akukwera kufika pamalo amodzi. Muone ngati mipata ya pakati pa mizere ikukhalabe yofanana pamene gulu likukhota, popeza pokhota ndi pamene a kunja amayenera kusunga sitepe yathunthu pamene a m'kati akufupikitsa yawo. Kenako mutsegule mawu, muwerenge masitepe kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi, ndipo nambala imene mupeze muiyerekeze ndi ya buku la dziko limene asilikaliwo akuchokera.