Ngati droni imauluka yokha, anthuwo akutaniko?

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera imelo. Akuti amaona madroni akuuluka popanda wowayendetsa, ndiye akufunsa kuti: "Nanga anyamata ndi atsikana amakhala pansi ndi kompyuta aja, malipiro amalandirira chiyani?"

Mayi, mwafunsa muli pamalo pake, paja ndi pabwalo la ndege lakwanuko pomwe boma ndi UNICEF adatsegula dera loyeserera madroni mu 2017.

Droni imadziwa njira ngati ng'ombe zapangolo zobwerera kumudzi madzulo. Koma ng'ombe sizidzimanga pajoko. Ku Rwanda, komwe kampani ya Zipline idayamba kunyamula magazi pa madroni mu 2016, wachipatala amaitanitsa pafoni, munthu amalongedza magaziwo, kuika batire, kuyang'ana mapiko, ndiye n'kuiulutsa. Ikafika imagwetsa phukusi pa parachuti n'kubwerera yokha. Wina amakhala akuyang'anira ulendowo pakompyuta ndi kulankhulana ndi oyang'anira ndege, kuti isakumane ndi ndege ya anthu.

Imeneyo ndiye ntchito yooneka. Yovuta ndi ya kudikira. Makina amagwira bwino zimene adazolowera, koma zachilendo zikagwa, ntchito amaibwezera kwa munthu, kawirikawiri mwadzidzidzi. Tsono munthu amene wakhala maola ambiri akungopenyerera, maganizo amakhala atapita kumunda.

Pa 1 June 2009 ndege ya Air France yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris inkadziyendetsa usiku pamwamba pa nyanja ya Atlantic. Timapaipi toyezera liwiro tidatsekeka ndi madzi oundana. Makina oyendetsa, poona kuti manambala sakugwirizana, adasiya chiwongolero. Ndegeyo inali yabwinobwino, ndipo timapaipito tidatseguka posakhalitsa. Koma woyendetsa, modzidzimuka, adakweza mphuno ya ndege mpaka mapiko adalephera kuinyamula. M'mphindi zosakwana zisanu anthu onse 228 adathera m'madzi.

Ine ndimati cholakwa sichinali cha munthuyo yekha. Mnzako wapantchito sakuponyera katundu pamutu osakuuza chomwe chavuta. N'chifukwa chake oyendetsa ndege masiku ano amaphunzitsidwanso kuwongolera ndi manja ali pamwamba kwambiri, ndi kuzindikira ndege ikayamba kugwa chotere.

Choncho mayi, mukamuona mtsikana uja ali phee, maso pakompyuta, mphepo ya Okutobala ikuwomba fumbi pabwalopo, musamuyankhulitse. Akuganiza ngati ailole ipitirire kapena aiitane ibwerere.