Funsani za Umoyo: Wachibale Akamadikira Chiwindi China Chifukwa cha Mowa

Amuna anga anamwa mowa zaka zambiri mpaka chiwindi chinauma. Madokotala akuti chatsala n'kuwaika chiwindi cha munthu wina. Anasiya mowa miyezi 4 yapitayo. Tsopano achipatala akufuna kucheza ndi ine, ati pakhalenso dokotala wa maganizo. Kodi akuwayesa amisala? Nanga ndikaulule kuti mwezi watha ndinapeza kabotolo m'galimoto? Mayi wodandaula, Johannesburg

Mayi, sakuwayesa amisala ayi. Zipatala zoika chiwindi, monga Wits Donald Gordon komweko ku Johannesburg ndi Groote Schuur ku Cape Town, zimapima thupi la wodwala, zimapimanso khomo limene akabwerereko. Ziwindi n'zochepa, odikira ndi ambiri, choncho madokotala amafuna kudziwa ngati chatsopanocho chikasamalidwe. Adzafunsa kuti bambowo ankamwa wochuluka bwanji, anayesapo kusiya kangati, chinawabweza n'chiyani, ndipo ngati akuvomereza ndi pakamwa pawo kuti mowa ndiwo wawadwalitsa. Adzafunsanso ngati pakhomo pali wina womwa, komanso amene adzakhale gadiyani.

Za kabotoloko, musabise. Yambani mwalankhula ndi bambowo muli awiri, m'mawa mitima ili m'malo, kuti akanene okha. Magazi sanama: kuyeza kotchedwa PEth kumaonetsa mowa umene munthu anamwa milungu 2 mpaka 4 yapitayo, ndipo kwa mkodzo kotchedwa EtG kumaugwira mpaka masiku atatu. N'zoona kuti kuulula kungachedwetse dzina lawo pamndandanda wa odikira. Koma wodwala amene wanena yekha kuti anaterereka amapatsidwa uphungu n'kuyambiranso, pamene wogwidwa akukana amataya chikhulupiriro cha madokotala, ndipo chimenecho chimavuta kubweza.

Mudzamva zambiri za miyezi 6 yosamwa. Chifukwa chake chachikulu n'chakuti chiwindi chikapumula ku mowa, mwa anthu ena chimachira mpaka opaleshoni yosafunikanso. Si lamulo losasunthika. Kafukufuku wa ku France ndi Belgium amene anatuluka mu 2011 anapeza kuti mwa odwala kwambiri amene anaikidwa chiwindi msanga, miyezi 6 yosamwa isanakwane, 77 pa 100 alionse anali moyo patatha miyezi 6, pamene mwa osaikidwa anali 23 okha. Koma onaninso amene anasankhidwa: anali ovomereza vuto lawo, okhala ndi abale owagwira dzanja. N'chifukwa chake inuyo akukuitanani.

Ntchito ya pakhomo nayi. Mowa wonse utuluke, ngakhale wosungira alendo. Thobwa logonera masiku limasasa n'kukhala ndi mowa. Zakumwa zolembedwa kuti "zopanda mowa" zina zimakhala nawo pang'ono, ndipo fungo lake lokha limadzutsa chibaba. Werengani zolembedwa pa mankhwala a chifuwa ndi otsukira m'kamwa, ndipo za vinyo wa mgonero kambiranani ndi abusa kapena ansembe. Masiku oopsa mumawadziwa kale: Lachisanu la malipiro, ukwati, maliro. Konzeranitu kumene bambo adzakhale ndi amene adzakhale nawo. Magulu a Alcoholics Anonymous, momwe ofuna kusiya mowa amathandizana, alipo ku South Africa, ndipo Al-Anon ndi ya inu apabanja.

Mankhwala ochepetsa chibaba musagule nokha. Disulfiram amawononga chiwindi chodwala kale; dokotala angasankhe baclofen kapena acamprosate ataona mmene impso zilili. Ndipo ngati zitapezeka kuti abwerera kumwa tsiku ndi tsiku, asasiye mwadzidzidzi kunyumba. Kunjenjemera ndi thukuta zimayamba maola 6 mpaka 24 chimwereni, kenako munthu angagwe ngati wakhunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu amayamba kuona zinthu zomwe palibe. Zimenezi zimapha, zimafuna chipatala.

Pezaninso gadiyani wachiwiri. Opaleshoni ikatha, miyezi yoyambirira kumakhala kupita kuchipatala mlungu ndi mlungu, ndipo mankhwala a tacrolimus, oletsa thupi kukana chiwindicho, amamwedwa pa nthawi yake moyo wonse. Munthu mmodzi amene ali ndi ntchito ndi ana sangakwanitse yekha, ndipo gadiyani akatopa mpaka kudwala maganizo, mankhwala a wodwala ndiwo amayamba kudumphidwa.

Achimwene anga ali pamndandanda wa odikira chiwindi ku Birmingham. Masiku ano amagona masana, usiku ali maso, amakalipa popanda chifukwa, dzulo aiwala dzina la mwana wawo. Alamu akuti ayambiranso kumwa. Kumudzi akuti alodzedwa, akufuna kutumiza mankhwala achikuda. Ndimve ziti? Mchemwali wawo, Leicester

Achemwali, zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi kusokonekera kwa mutu kochokera kuchiwindi, kumene madokotala amati hepatic encephalopathy. Chiwindi chikafooka chimalephera kusefa zoipa zochokera m'matumbo, makamaka ammonia, ndipo zoipazo zimafika ku ubongo. Munthu amaoneka ngati waledzera pamene sanalawe n'dontho lomwe. Mabanja ambiri amayambana apa, wodwala n'kumanenedwa bodza ali wosalakwa.

Yesani izi. Auzeni atambasule manja kutsogolo, zikhatho zitaimirira ngati akuimitsa galimoto, kwa masekondi 30. Zikamagwa n'kudzuka ngati mapiko a mbalame, imbirani achipatala chawo tsiku lomwelo. Gulani kope, m'mawa uliwonse azilembamo dzina lawo ndi tsiku. Zolemba zikayamba kupindika, mutu wayamba kusokonekera ngakhale akulankhula bwinobwino. M'kope lomwelo alamu azilemba kuti achimwene apita kuchimbudzi kangati. Mankhwala a lactulose ntchito yake n'kutulutsa zoipazo, ndipo mlingo wake umakhala wolondola munthu akamachita chimbudzi chofewa kawiri kapena katatu pa tsiku. Odwala ambiri amawasiya mwakachetechete chifukwa amatupitsa mimba ndipo amachititsa manyazi paulendo. Funsani mofatsa ngati akumwadi.

Chimadzutsa vutoli kawirikawiri ndi kudzimbidwa, matenda ena olowa m'thupi, kutha madzi, kutaya magazi m'mimba, ndi mapiritsi ogonetsa monga diazepam. Akamavuta kudzutsa, akasanza magazi, chimbudzi chikada ngati phula, kapena thupi likatentha, imbani 999 osadikira kuche. Asayendetse galimoto mpaka dokotala atalola.

Matenda a kukhumudwa amasiyana ndi zimenezi. Wokhumudwa amadziwa tsiku, malo ndi anthu, koma kwa milungu iwiri kapena kuposa sakondwa ndi kanthu, amadzipatula, amadziona ngati katundu. Odwala chifukwa cha mowa amanyamulanso manyazi akuti "ndinadziputira ndekha, chiwindicho apatse wina." Mawu otere musawaphimbe ndi "limbani mtima" basi. Afunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Akavomera musawasiye okha, sungani mankhwala inuyo, dziwitsani madokotala awo. Ku Britain a Samaritans, bungwe lomvera pafoni anthu ovutika maganizo, amayankha usana ndi usiku pa 116 123. Kuulula kukhumudwa pakokha sikuchotsa munthu pamndandanda, ndipo mankhwala ake alipo amene amaperekedwa pa mlingo wochepa wogwirizana ndi chiwindi chofooka.

Akumudzi athokozeni chifukwa cha chikondi chawo, koma zitsamba zisatumizidwe. Palibe amene amadziwa mlingo wa zimene zili m'botolomo, zina zimaviikidwa mu kachasu, ndipo chiwindi cha achimwene chilibenso mphamvu yozisefa. Apempheni mapemphero ndi mafoni a kawirikawiri. N'chimodzimodzi mankhwala a m'sitolo: Brufen, diclofenac ndi aspirin ayi, panado asapitirire mapiritsi 4 a 500 mg pa tsiku, ndipo dokotala adziwe.

Achibale akufuna kupita ndi bambo anga ku India kuti akaikidwe chiwindi. Amalume akuti ine mwana woyamba ndipereke gawo la changa. Ndimawakonda bambo, koma mowa wawo unatizunza, ndipo sindikhulupirira kuti asiyadi. Ndine woipa mtima? Mtsikana wa zaka 26, Lilongwe

Simuli woipa mtima, achemwali. Chiwindi chimaphukanso, ndipo gawo lotsala limakula m'miyezi yochepa, komabe imeneyi ndi opaleshoni yaikulu yokhala ndi zoopsa zake, ngakhale imfa mwa apo ndi apo. Palibe malume kapena mwinimbumba amene angavomere m'malo mwanu. Wopereka amafunsidwa payekha, achibale ali panja, ndipo mukanena kuti mukukakamizidwa, chipatala chosunga mwambo chimaimitsa zonse popanda kuulula zimene mwanena.

Popeza opaleshoniyi sichitika kuno ku Malawi, banja lifunse lisanagule matikiti kuti bambo akabwerako tacrolimus azidzamupeza kuti, adzalipira ndani mwezi ndi mwezi, ndipo magazi oyeza mlingo wake azidzapita kuti. Za mowazo ayambe pano: a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza ofuna kusiya. Inunso kaonaneni ndi phungu panokha musanayankhe amalume.