Kwa achimwene a ku Moatize ofuna kubwereranso m'ndege

Achimwene, mwati munatenga PPL yanu (laisensi yoyendetsera ndege mosachita malonda) ku South Africa, kenako ntchito ya ku migodi ya malasha inakutanganitsani zaka zinayi osakwera ndege, ndiye mukufunsa ngati muyenera kuyambiranso sukulu yonse. Ayi ndithu. Maola amene analembedwa mu logbook yanu (buku lolembamo maola ouluka) palibe angawafufute. Zimene zingakhale zitatha ntchito ndi mapepala ena, makamaka medical, chikalata cha dokotala chotsimikiza kuti thanzi lanu likukulolani kuuluka. Pa malamulo a ICAO, bungwe la dziko lonse loona za ndege, medical ya Class 2, yomwe ndi ya anthu a PPL, imakhala miyezi 60, koma mukapitirira zaka 40 imatsika kufika pa miyezi 24. Chingerezi cha pa wailesi ngati munapeza Level 4 (mlingo wotsikitsitsa wololedwa pa mayeso ake), nachonso chimafunika kuyesedwanso pakapita zaka zochepa. Ndipo poti laisensi yanu ndi ya ku South Africa, kuti muyendetse ndege ya kuno ku Mozambique yolembedwa C9 (chizindikiro cha ndege za dziko lino) muyenera kudutsa ku IACM, bungwe la boma loona za ndege, kuti aivomereze. Zimenezi ziyambeni msanga chifukwa mapepala sachedwa kudya miyezi.

Koma nkhani yaikulu si mapepala. Ambiri amaopa kuti manja aiwala, pamene manja ndi amene amabwerera msanga. Mukauluka ndi mphunzitsi kangapo, kukhota ndi kusunga ndege kuti isakwere kapena kutsika zimabwera zokha. Chimene chimachita dzimbiri ndi mutu: ndondomeko ya checklist (mndandanda wa zoyenera kuona ndi kuchita pa gawo lililonse la ulendo), liwiro loyenera potera, zoyankha a pa tower (olondolera ndege pabwalo) akakupatsani malangizo atatu nthawi imodzi, ndi chochita injini ikazima mutangonyamuka kumene. Mu 2020 ndi 2021, ndege zitaima chifukwa cha Covid-19, oyendetsa ndege zikuluzikulu ku America ankalemba okha malipoti ku NASA, bungwe la boma lawo lomwe limalandira malipoti a chitetezo cha ndege, kuti atakhala nthawi yaitali osauluka anaiwala zinthu ngati kumasula buleki yoimikira kapena kuyatsa zoteteza ndege ku madzi oundana. Amenewo ndi anthu a maola masauzande, nanga inu ndi ine?

Ndiye musathamangire kukalipira ola la ndege mutu usanakonzeke, mungotaya ma meticais anu mukuwerenga checklist m'mwamba. Tengani buku la ndege imene mudzayendetse, kaya ndi Cessna 172, muwerenge mpaka manambala a liwiro ndi ndondomeko za ngozi zizituluka pakamwa osayang'ana. Madzulo khalani pampando, mutseke maso, muyende ulendo wonse kuyambira kuyatsa injini mpaka kuizimitsa, manja akugwira pamene pali batani lililonse, mukulankhula mokweza zapawailesi. Akunyumba adzakusekani, asiyeni. Simulator ya pakompyuta (pulogalamu yoyerekezera kuyendetsa ndege) imathandiza pa ndondomeko ndi kuwerenga zida, koma pa kutera musaikhulupirire.

Mukapeza mphunzitsi, muuzeni zoona kuti papita zaka zinayi. Pemphani kuyeserera stall (pamene mapiko asiya kunyamula bwino ndege), kuuluka pang'onopang'ono, kutera mphepo ikuwomba cham'mbali, kutera mongoyerekeza kuti injini yafa, ndiponso go-around (kuleka kutera n'kukweranso m'mwamba) mobwerezabwereza, chifukwa munthu amene wakhalitsa osauluka amakakamira kutera ngakhale zaonekeratu kuti sizili bwino. Mayiko ambiri amafuna kuti munyamuke ndi kutera katatu m'masiku 90 musananyamule anthu. Limenelo ndi lamulo chabe, silikutanthauza kuti mwakonzeka kukweza mayi a kunyumba ndi ana.

Chinanso ndi nyengo yathu ino. Bwalo la ndege la Chingodzi ku Tete lili m'chigwa, mamita osafika 200 kuchokera pa nyanja yamchere, koma mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mpweya wotentha umapepuka, ndipo digiri iliyonse yopitirira muyezo wa kutentha umene oyendetsa ndege amawerengera imawonjezera pafupifupi mafiti 120 pa density altitude, kutanthauza kutalika kumene ndege imachita ngati ilipo chifukwa cha kupepuka kwa mpweya. Masana otero ndege imachita ngati ili pa mafiti oyandikira 4,000: imathamanga mtunda wautali isananyamuke, imakwera mwaulesi. Kumapiri kwathu ku Angónia, komwe nthaka ili kale pamwamba pa mamita 1,000, vutoli limakula. Kuyambira Ogasiti utsi wa moto wolusa umaphimba mapiri, ndipo mvula ikayamba mitambo ya mabingu imakula masana mwadzidzidzi. Maulendo anu oyamba akhale a m'mamawa, ndipo matebulo a kunyamuka ndi kulemera kwa ndege muwawerengere ndi pensulo nthawi iliyonse, ngakhale muli awiri okha ndi mphunzitsi.