Bambo akufuna thupi lawo adzaphunzirirepo madokotala

FUNSO: Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 74 ndipo amadwala mtima. Mwezi watha anatiitana ana onse n'kutiuza kuti akadzatisiya, thupi lawo lidzaperekedwe kusukulu ya madokotala. Chiyambire tsiku limenelo tulo sindikuona. Achimwene akuti kuli bwino adzangopereka impso kapena maso, thupi tidzaike m'manda. Kodi matupi amenewa amachita nawo chiyani kwenikweni? Ndine mayi wodandaula.

YANKHO: Pepani mayi, nkhaniyi ndi yolemera. Ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga, poti inenso ndinaphunzira pa thupi la munthu.

Ndinali ndi zaka 19 pamene ndinalowa koyamba m'chipinda chimenecho. Fungo la formalin, mankhwala osungira mitembo, linatiluma m'maso mpaka misozi. Tinazungulira tebulo tili ophunzira asanu ndi mmodzi, nkhope ya malemuyo itaphimbidwa ndi nsalu. Chimene chinandigwira mtima ndi dzanja lawo: chikhatho chokhakhala, zikhadabo zowengedwa bwino, ndi chipsera chakalekale pa chala chachikulu. Ndinaima osagwira mpeni mpaka mphunzitsi anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Wodwala wako woyamba ndi ameneyu, um'patse ulemu."

Thupi likafika, amalowetsamo mankhwala kudzera mumtsempha waukulu wa pantchafu kapena wa pakhosi kuti lisawole, ndipo limatha kukhala chaka chimodzi mpaka zitatu. Kuchekako si kuduladula kumene mukuona m'maganizo mwanu. Mkono umodzi wokha tinathera masabata, kusenda khungu pang'onopang'ono, kulekanitsa minofu, kulondola kamtsempha kochepa ngati ulusi mpaka kumene kathera. Titafika pa impso tinadabwa. Chithunzi cha m'buku chimaonetsa mtsempha umodzi wobweretsa magazi ku impso iliyonse, koma malemu aja anali nayo iwiri kumanzere. Anthu otero alipo ambiri ndithu. Mpaka lero ndikakhala pa opaleshoni ya m'mimba sindidula ndisanafufuze ngati palibe mtsempha wina wobisala, ndipo chizolowezi chimenecho anandiphunzitsa ndi iwowo.

Kwa zaka zoposa 1,000 madokotala a ku Ulaya ankangotsatira zolemba za Galen, dokotala wakale wachigiriki amene ankacheka anyani ndi nkhumba, n'kumakhulupirira kuti fupa la chibwano cha munthu ndi mafupa awiri. Dokotala wina, Andreas Vesalius, atacheka yekha matupi a anthu, anaonetsa m'buku lake la mu 1543 kuti fupalo ndi limodzi, n'kukonzanso zolakwika zina zambiri.

Mantha anuwo sindikuwapeputsa, ali ndi kochokera. Mu 1828 ku Edinburgh, William Burke ndi William Hare anapha anthu 16 n'kumagulitsa mitembo kwa mphunzitsi wina, Robert Knox. Dziko la Britain litakhazikitsa lamulo mu 1832, masukulu anayamba kulandira matupi osowa abale, ndipo ambiri anali a amphawi amene sanafunsidwe n'komwe. M'mayiko ambiri zikuchitikabe motero, ndipo ine zimandiwawa. Za bambo anu n'zosiyana: akusankha okha, mutu wawo ukugwira bwino, ndipo akuuzani poyera.

Tsono maganizo a achimwene anuwo ndi abwino, koma kupereka ziwalo kuli ndi zake. Mtima, chiwindi ndi impso kawirikawiri zimachokera kwa munthu amene wamwalira m'chipatala ali pa makina opumira, ubongo utaferatu koma magazi akuyendabe. Mtima ukachotsedwa uyenera kuikidwa mwa wina pasanathe maola 4 mpaka 6. Impso zimapirira tsiku lathunthu kapena kupitirira pang'ono. Pamene dokotala Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu mwa munthu wina koyamba pa 3 December 1967 pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, mtimawo unali wa Denise Darvall, mtsikana wa zaka 25 amene anagundidwa ndi galimoto, ndipo woperekayo ndi wolandirayo anali m'chipatala chimodzi. Munthu wokalamba akatsirizikira kunyumba, ziwalo zimenezi sizigwiranso ntchito. Za maso ndiye zimatheka: amachotsa kachikopa koonekera kakutsogolo kwa diso ngakhale patapita maola angapo, ndipo munthu wosaona amatha kuonanso. Dziwaninso kuti ziwalo zikuluzikulu zikachotsedwa, masukulu ambiri salandira thupilo, chifukwa mankhwala aja amafuna mitsempha yosaduka.

Chimene ndingakupempheni ndi ichi, mayi: musawakanize bambo musanawafunse chifukwa chake. Mwina pali dokotala amene anawapulumutsa, mwina akufuna mtima wowavutawo ena adzauone n'kuphunzirapo. Kenako mupite nawo limodzi kusukuluko akadali ndi mphamvu. Mukafunse kuti thupi adzalisunga nthawi yaitali bwanji, akadzamaliza adzakubwezerani kapena adzaika okha, ndiponso ngati mudzapatsidwe mpata wotsanzikana nawo lisananyamulidwe. Mukafunsenso zimene zingachititse kuti adzalikane, chifukwa matenda ena opatsirana, kapena ngati thupi lachekedwa kale pofufuza chimene chapha munthu, zimalepheretsa, ndipo banja liyenera kukonzekera zimenezo. Chilolezo chilembedwe pa pepala, bambo asaine, mboni zisainenso. Akadzasintha maganizo ali ndi ufulu wochichotsa.

Ku Thailand ophunzira amatchula matupi amenewa kuti ajarn yai, kutanthauza mphunzitsi wamkulu, ndipo amadziwa dzina la aliyense. Ife dzina sanatiuze. Tsiku lomaliza tinasonkhanitsa zonse za bambo aja m'bokosi lawolawo, osasakaniza ndi za wina, ndipo ine ndinapempha kuti dzanja lachipsera lija ndiike ndekha. Mukakapita kusukuluko mukafunsenso ngati amachita mwambo wothokoza mabanja, ndipo ngati ulipo mudzapite, mukaone nkhope za ana amene bambo anu adzawaphunzitse.