Magetsi akazima mwadzidzidzi, hard drive imawonongeka?

Achimwene, mwafunsa ngati kuzimazima kwa magetsi kuno ku Lusaka kungaphe hard drive (diski yosungira mafayilo) ya kompyuta yanu ya pashopu ku Kamwala. Kungathe ndithu, koma oyamba kuvulala ndi mafayilo. Magetsi akazima kompyuta ili mkati mosunga chinthu, fayiloyo imatsala yosamaliza kulembedwa, ndipo nthawi zina Windows imakaniratu kuyaka. Ngakhale SSD, chosungira mafayilo chamakono chopanda mbali zozungulira, sipulumuka pamenepa.

Ine chimene chimandiopsa kwambiri ndi nthawi imene magetsi akubwerera, chifukwa amatha kubwera ndi mphamvu yopyola muyezo n'kuwotcha power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta) kapena kabolodi ka diskiyo. Akangozima, zulani pulagi pakhoma.

Gulani UPS (bokosi la batire loyendetsa kompyuta magetsi akazima), ngakhale yaing'ono. Mphindi zochepa zimene imakupatsani zimakwana kusunga ntchito ndi kuzimitsa bwinobwino. Ndipo chonde, maakaunti a shopu muziwasunganso pa flash kapena pa Google Drive.